Mwana akufuna sayansi ya kuzizira koopsa: mumuloze khomo liti?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 4, amakhoza bwino Physics ndi masamu, ndipo ataonera pa YouTube kamaginito kakuyandama m'malere pamwamba pa kachitsulo kofuka nthunzi, wakakamira kuti adzaphunzira cryogenics ndi superconductivity. Bambowo akuti: "Ine ndimafuna unamwino, poti ntchito yake imaoneka. Izizi ndi maphunziro enieni kapena wangotengeka ndi za pafoni?"

Bambo, maphunzirowa ndi enieni, ndipo ndi akale kuposa agogo athu. Magetsi akamayenda muwaya wamba amakumana ndi chopinga, n'chifukwa chake waya wa mbaula ya magetsi amafiira, chaja ya foni n'kumafunda. M'chaka cha 1908, Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden m'dziko la Netherlands anakwanitsa kuziziritsa mpweya wa helium mpaka kusanduka madzi, pa madigiri 269 pansi pa ziro. Mu 1911 anaziziritsa mercury ndi helium yemweyo, n'kupeza kuti chopinga chija chatheratu. Magetsi mukawaponya muwaya wotere wolumikizidwa ngati mphete amangozungulira osatha mphamvu. Superconductivity ndi imeneyo. Cryogenics ndi uinjiniya wopanga kuzizira kumeneko ndi kukusunga kuti kusathawe, ndipo pa ziwirizi ntchito zambiri zili ku cryogenics.

Makina a MRI ambiri am'zipatala zikuluzikulu amadalira zimenezi. M'kati mwake muli waya wa niobium ndi titanium womizidwa mu helium wamadzi, ndipo ndi amene amapanga maginito amphamvu ojambulira ubongo ndi msana. Ku CERN, malo aakulu ofufuzira za Physics pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Ulaya, kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 yodzaza maginito otere, ozizira mpaka madigiri 271 pansi pa ziro. Kamaginito kamene mwana wanu anaona kakuyandama kanatheka mosavuta chifukwa cha Georg Bednorz ndi Alex Müller, omwe mu 1986 anapeza gulu latsopano la zinthu zotaya chopinga pamalo osazizira kwambiri. Chaka chotsatira anzawo anapeza china chogwira ntchito ndi nitrogen wamadzi, yemwe ndi wotchipa kwambiri poyerekeza ndi helium. Koma mumuuze asamakhulupirire chilichonse cha pa intaneti. Mu 2023 dziko linagwedezeka ndi LK-99, chinthu cha ku South Korea chomwe ankati chimataya chopinga popanda kuchiziziritsa, ndipo patangopita masabata ochepa akatswiri ena atayesa anapeza kuti si zoona.

Tsono apa ndi pomwe muyenera kumvetsetsa nonse awiri. Pa mndandanda wa maphunziro omwe ana amasankha kudzera ku NCHE simudzapezapo dzina lakuti cryogenics. Ngakhale kunja, anthu ambiri amafikako pa digiri yachiwiri kapena yachitatu. Poyambira pali makomo awiri. Loyamba ndi Physics, ku UNIMA ku Zomba kapena ku Mzuni. Lachiwiri ndi uinjiniya: mechanical, electrical kapena biomedical ku MUBAS ku Blantyre, kapena chemical, materials ndi biomedical ku MUST ku Thyolo.

Mukandifunsa ine, mwana wa banja lomwe likudikira kuti akamaliza athandize azing'ono ake ndimamuloza ku mechanical engineering. Phunziro la thermodynamics ndi la kayendedwe ka kutentha, omwe ndi msana wa cryogenics, amaphunzitsidwa komweko, ndipo maloto akunja akachedwa amakhala ali ndi pepala lomwe mafakitale a ku Kanengo amalidziwa. Physics ndi ya mwana amene funso lakuti "chifukwa chiyani" limamusowetsa tulo, ndipo avomereretu kuti mwina adzayamba ndi choko m'manja kusekondale akudikira sikolashipu. Si chamanyazi, koma achidziwe lero, osati atavala kale gauni.

Kafukufuku weniweni wa superconductivity amafuna helium, magetsi osazimazima ndi zipangizo za ndalama zambiri, choncho adzayenera kutuluka. Njira zodziwika zilipo: AIMS, bungwe lophunzitsa masamu ndi sayansi mu Africa, ili ndi masukulu ku South Africa, Rwanda, Ghana, Senegal ndi Cameroon, ICTP, malo ofufuzira za Physics a ku Trieste ku Italy, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya achinyamata ochokera m'maiko osauka, ndipo condensed matter physics, komwe kuli superconductivity, ndi gawo limodzi la dipulomayo. Palinso masikolashipu a Commonwealth ndi a DAAD ya ku Germany. Onsewa amayang'ana magiredi a digiri yoyamba, ndiye masewera a chaka choyamba kukoleji amadzalipiridwa patapita zaka zisanu.

Musaganize kuti kuno kulibiretu kanthu. Pitani kwa alangizi a ziweto amene amabereketsa ng'ombe zamkaka popanda nkhunzi. Mudzawapeza ndi chigubu chachitsulo cha khosi lopapatiza. Akatsegula, nthunzi yoyera imasefukira pansi m'malo mokwera, iwo n'kusolola ndi kopanira timachubu tating'ono ta umuna wa ng'ombe, mofulumira kuti totsalato tisafunde. Mmenemo muli nitrogen wamadzi pa madigiri 196 pansi pa ziro. Chigubucho chimagwira ntchito ngati fulasiki ya tiyi, makoma awiri opanda mpweya pakati, ndipo zonse ziwiri zinachokera kwa munthu mmodzi, James Dewar, mu 1892. Nitrogen akaphwa chigubu chisanadzazidwenso, umuna wonse wawonongeka ndipo mlimi wataya nyengo. Malabu ofufuza za matenda amasunganso maselo mwanjira yomweyi. Ndipo nitrogen wamadziyu si choseweretsa: amawotcha khungu ngati moto, ndipo lita imodzi ikasanduka mpweya imakula pafupifupi ka 700, moti m'chipinda chotseka amachepetsa mpweya wopuma ndipo munthu akhoza kukomoka osamva fungo lililonse. Wodziwa kusamala zotere ndi wosowa.

Anansi athu nawo akulowa m'ntchitoyi. Ku Mozambique, gasi wa m'nyanja ku Cabo Delgado amamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke madzi akwere sitima, ndipo katundu woyamba anatuluka mu 2022. Ku Rukwa m'dziko la Tanzania kunapezeka helium wambiri mu 2016. Kwathu konkuno, ku Kanyika m'boma la Mzimba, kuli miyala ya niobium, chitsulo chomwe chija cha muwaya wa MRI, ngakhale kuti niobium wambiri padziko amathera kolimbitsa zitsulo zomangira. Sindikulonjeza kuti zimenezi zidzamupatsa ntchito mwana wanu. Ndikungoti wophunzira uinjiniya wa kuzizira sadzasowa kolozera m'chigawo chino.

Kwa iwe mwana wanga, za maginito oyandama zisiye kaye mpaka mayeso adutse. MSCE yako ikhale ndi magiredi abwino pa masamu, Physics, Chemistry ndi Chingerezi, ndipo ngati pasukulu panu pali Additional Mathematics usaithawe. Mapointi akapanda kukwana, kosi ya mafiriji ndi ma air conditioner m'makoleji a zaumisiri a pansi pa TEVETA si yonyozeka: kompuresa, gasi ndi kuwotcherera mapaipi ndi zomwezo zimene amisiri okonza makina oziziritsa MRI amagwira tsiku ndi tsiku. Bambo, pa holide ikubwerayi mutengereni kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu akaone chigubu chija chikutsegulidwa, afunse kuti nitrogen amamutenga kuti ndipo amatha masabata angati. Akabwerako akufunsabe mafunso, polemba fomu ya NCHE muike mechanical engineering pamwamba, Physics pachiwiri.