Tifunseni: Kodi kuletsa chinthu n'kuchithetsa?

Mwezi uno talandira makalata atatu okhudza nkhani imodzi, ngakhale kuti eni makalatawo akukokera kosiyana. Wina akufuna kuti boma liletse zambiri, wina watopa ndi kuletsedwa, ndipo wachitatu akufunsa ngati kampani ili ndi mphamvu zoletsa chinthu chimene lamulo likulola.

FUNSO: Akonzi, achimwene anga anamwalira chaka chatha ndi matenda a chiwindi ali ndi zaka 41, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti chinawapha ndi mowa. Asiya ana atatu. Ngati maboma akudziwa kuti mowa ukutha anthu, akulekeranji kuuletseratu monga amaletsera mankhwala osokoneza bongo? Kodi si chifukwa chakuti amakonda ndalama za msonkho kuposa miyoyo yathu? Ndine mlongo wa malemu.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi ndi imfa ya achimwene anu. Funso lanuli si la ukali chabe, chifukwa mayiko akuluakulu analifunsapo, ndipo ena anachita ndendende zimene mukupemphazo.

Dziko la America linasintha malamulo ake aakulu n'kuletsa kufulula, kugulitsa ndi kunyamula mowa kuyambira mu Januwale 1920. Ambiri mwa anthu amene analimbikira kuti lamuloli likhalepo anali amayi onga inu, amene anali atatopa kuona malipiro a mwezi wonse akuthera kumowa, ana akugona ndi njala, iwo eni akumenyedwa pakati pa usiku. Tisabise, lamulolo linachita zina zabwino, pakuti kamwedwe kanatsika, makamaka m'zaka zoyambirira, ndipo anthu ofa ndi matenda a chiwindi anali ochepa kusiyana ndi mmene zinalili zaka khumi m'mbuyomo. Aliyense amene angakuuzeni kuti chiletsocho sichinapulumutse munthu ndi mmodzi yemwe akukunamizani.

Koma lamulo linatseka mabotolo, ludzu la anthu n'kulisiya momwemo. Malonda amene kale ankachitika poyera anagwera m'manja mwa zigawenga, ndipo anthu onga Al Capone wa ku Chicago analemera kwambiri, akugula apolisi ndi ziphuphu ndi kuphana polimbirana misika. Chinanso chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mowawo unasintha. Munthu wozembetsa katundu amafuna chinthu chaching'ono chosavuta kubisa, choncho botolo limodzi la mowa waukali limamupindulira kuposa mgolo wa mowa wopepuka umene aliyense angauone pangolo. Mowa waukali unachuluka, ndipo panalibenso woupima kuti aone zimene zili m'katimo. Ena ankamwa mowa wa m'mafakitale umene boma lenilenilo linalamula kuti uzithiridwa poizoni n'cholinga choti usamwedwe, ndipo ambiri anachita khungu, ena anafa. Mu Disembala 1933 dzikolo linachotsa lamulolo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a chiletso chimenechi anagwera kwambiri osauka, chifukwa olemera ankapezabe mowa wabwino wochokera kunja.

Pa nkhani ya msonkho muli ndi mfundo. Mu 1985 mtsogoleri wa dziko la Soviet Union, Mikhail Gorbachev, anachepetsa kwambiri kapangidwe ndi kagulitsidwe ka mowa m'dzikolo, ndipo imfa zinatsika moonekeratu, makamaka pakati pa amuna. Komabe anthu anayamba kutcheza mowa m'nyumba zawo mpaka shuga anayamba kusowa m'masitolo, thumba la boma linaphwa chifukwa cha kuchepa kwa msonkho, ndipo pofika 1988 ndondomekoyo inali itafooka. Choncho n'zoona kuti ndalama zimalankhula m'makutu a maboma, koma ngakhale boma litakhala losakonda ndalama n'komwe, vuto la mowa wobisa likanakhalapobe.

Maganizo anga ndi akuti pakati pa kuletseratu ndi kungolekerera pali malo aakulu amene maboma ambiri sanawagwiritse ntchito mokwanira, ndipo mkwiyo wanu uyenera kulunjika pamenepo. Boma likhoza kukweza mtengo wa mowa wotchipa umene zidakwa zimadalira, monga linachitira dziko la Scotland mu 2018 pokhazikitsa mtengo umene wogulitsa saloledwa kutsika kupyola pamenepo. Likhoza kuchepetsa maola ogulitsira, kulanga mwamphamvu ogulitsa mowa kwa ana ndi oyendetsa galimoto ataledzera, ndiponso kuchepetsa zotsatsa malonda zimene zimaonetsa mowa ngati chizindikiro cha ulemu ndi chuma. Koposa zonse, likhoza kukhazikitsa malo amene munthu wogwidwa ukapolo ndi mowa angapezeko thandizo msanga. Munthu amene chizolowezi chake chasanduka mlandu amabisala, ndipo wobisala amafika kuchipatala matenda atakula kale. Sindingalonjeze kuti njira zimenezi zikanawapulumutsa achimwene anu, koma ndikukhulupirira kuti zingathandize ana atatu amene asiyawo kuposa lamulo lopereka malonda onse m'manja mwa zigawenga.

FUNSO: Akonzi, ndasuta fodya kwa zaka 25 ndipo kuopsa kwake ndikukudziwa. Masiku ano sindiloledwa kusuta kuntchito, m'galimoto za anthu ambiri ngakhale m'malo odyera. Ndine munthu wamkulu, ndimagula ndi ndalama zanga ndipo mapapo ndi anga. Kodi boma lasanduka kholo langa? Lero ndi fodya, mawa adzatiletsa chiyani? Ndine bambo wa zaka 50.

YANKHO: Bambo, mbali ina ya madandaulo anu ndikugwirizana nayo, koma ndiyambe ndi mbali imene sindikugwirizana nayo. Mapapo ndi anudi, koma mpweya wa m'chipinda si wanu nokha.

Ndili wamng'ono pantchito ndinakhalapo mu ofesi ina yaing'ono ya anthu asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo osuta. Pofika masana utsi unkakhala utayandama pansi pa denga, ndipo mayi wina amene ankadwala mphumu ankatsegula kabati ya tebulo lake mwakachetechete, kutulutsa mankhwala ake opopera m'kamwa, kupopa kawiri atatembenukira kukhoma, kenako n'kupitiriza kutaipa. Sanadandaulepo ndi tsiku limodzi lomwe, chifukwa mmodzi mwa osutawo anali bwana wathu. Mayi ameneyu sanasankhe kusuta, ndipo kunena kuti akanangosiya ntchito n'kusadziwa mmene ntchito imavutira kupeza. Malamulo oletsa kusuta m'malo otsekeka analembedwera anthu onga iye, operekera zakudya, ogulitsa m'mabala ndi ana amene alibe mawu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu oposa 1 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma utsi wa fodya wa anthu ena.

Katswiri wa ku England, John Stuart Mill, analemba mu 1859 kuti chifukwa chokhacho chimene boma lingakakamizire munthu wamkulu kuchita zimene sakufuna ndi kuteteza anthu ena kuti asavulazidwe, osati kumuteteza iye mwini ku zosankha zake. Anthu okonda ufulu amaitchula kawirikawiri mfundo imeneyi potsutsa ziletso, koma pa nkhani ya utsi wa m'chipinda mfundoyo ili kumbali ya mayi wa mphumu uja. Dziko la Ireland linali loyamba kuletsa kusuta m'malo onse otsekeka ogwirira ntchito, kuphatikizapo mabala, pa 29 Malichi 2004. Ambiri ankati lamulolo silingatheke, koma anthu analitsatira, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: silinalande munthu ndudu yake, linangomupempha kuti atuluke nayo panja. Dziko la Scotland litachita chimodzimodzi mu 2006, ofufuza anapeza kuti anthu ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kudwala mtima mwadzidzidzi anachepa ndi 17 peresenti m'miyezi yotsatira, ndipo ambiri mwa opindulawo anali osasuta.

Tsopano pamene mukunena zoona ndi apa. Boma likadumpha malire n'kufuna kukulandani nduduyo ngakhale muli nokha panja, zinthu zimasokonekera. Dziko la South Africa linaletsa kugulitsa fodya kuyambira mu Malichi mpaka mu Ogasiti 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Akatswiri a ku University of Cape Town anapeza kuti ambiri mwa osuta anapitiriza kugula, koma tsopano kwa ozembetsa ndiponso pamtengo wokwera kwambiri, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti lalikulu la ku Western Cape linagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Dziko la Bhutan linaletsa kugulitsa fodya mu 2004, koma mu 2021 linabweza lamulolo chifukwa fodya ankangolowabe mozemba kudzera m'malire ake ndi India.

Ndiye funso lanu lakuti mawa adzaletsa chiyani ndi loyenera kumalifunsa nthawi zonse, ndipo nzika imene yasiya kulifunsa yagona. Ine ndikamva za chiletso chatsopano ndimayamba ndafufuza kuti amene akuvulala ndi ndani, wochitayo kapena anthu ena amene sanavomere. Kenako ndimaona ngati pali china cholowa m'malo mwa choletsedwacho, komanso ngati lamulolo likulamula makampani ochepa kapena likufuna kulondera zilakolako za anthu mamiliyoni ambiri. Taganizirani za petulo wokhala ndi mtovu, amene anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1920. Mtovu wotuluka mu utsi wa galimoto unkaononga ubongo wa ana amene sanakwerepo n'komwe galimotozo, petulo wopanda mtovu analipo, ndipo oyenga mafuta ndi makampani owerengeka amene boma likhoza kuwayendera. Mayiko analetsa mmodzimmodzi mpaka Algeria, dziko lomaliza, linasiya kumugulitsa mu 2021, ndipo simunamvepo za munthu woyenda usiku kufunafuna petulo wa mtovu chifukwa chomulakalaka. Chiletso chotero ndimachiombera m'manja ndi mtima wonse. Koma fodya wa munthu wamkulu amene akusuta yekha panja sali m'gulu limenelo, ngakhale kuti ndikanakondwa mutapita kuchipatala kukafunsa za njira zosiyira, chifukwa pa zaka 50 thupi limapindulabe kwambiri munthu akaleka.

FUNSO: Akonzi, kampani imene ndimagwirako ntchito yaletsa kugwiritsa ntchito foni za m'manja nthawi ya ntchito, ndipo masitolo ena akukana kugulitsa zinthu zimene boma silinaletse. Kodi kampani ili ndi mphamvu zopanga malamulo akeake? Ndine mtsikana wongoyamba kumene ntchito.

YANKHO: Chemwali, kawirikawiri mphamvuzo ili nazo, ndipo kusiyana kwake ndi boma n'kwakukulu. Boma likaletsa chinthu limakhala ndi apolisi, makhoti ndi ndende kumbuyo kwake, ndipo chiletsocho chimakutsatirani kulikonse m'dzikomo, pamene sitolo ikakana kugulitsa chinthu mumangotuluka n'kukachigula kwina. Mu 2014 kampani ya CVS, imene ili ndi masitolo ambirimbiri ogulitsa mankhwala ku America, inasiya kugulitsa fodya, ngakhale inkadziwa kuti itaya malonda a pafupifupi madola 2 biliyoni pachaka, ponena kuti n'zosayenera kugulitsa mankhwala ochiza ndi fodya m'nyumba imodzi. Palibe amene analandidwa ufulu pamenepo, ndipo mwini bizinesi nayenso ali ndi ufulu wokana kupeza phindu pa chinthu chimene chikumuvutitsa mumtima.

Komabe mphamvuzo zili ndi malire. Bizinesi singaletse munthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo chake n'kumati ndi lamulo la pakhomo pake, ndipo ku America komweko panafunika lamulo la boma la mu 1964 kuti mahotela ndi malo odyera asiye kubweza anthu akuda pakhomo. Chinanso n'chakuti mawu akuti "pitani kwina" amamveka bwino pokhapokha ngati kwinako kulipodi. Kampani yaikulu ngati Facebook ikatseka tsamba la munthu amene malonda ake onse amadalira pamenepo, chilangocho chimafanana ndi cha boma, koma munthuyo alibe woweruza amene angamumvere mbali yake mosavuta. Wantchito nayenso sangangochoka ngati mmene wogula amachokera m'sitolo, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti malamulo a kuntchito ayenera kukhala ndi chifukwa chogwirizana ndi ntchitoyo.

Pa nkhani yanu ya foni, ngati mumagwira ntchito pafupi ndi makina, mumayendetsa galimoto kapena mumasunga zinsinsi za makasitomala, chiletsocho n'chomveka ndipo chikutetezani inu nomwe. Ngati chikufika mpaka pa nthawi yanu yopuma, kapena chikukusiyani opanda njira yoti achibale akupezeni pakagwa zamwadzidzidzi, muli ndi chifukwa chabwino chodandaulira. Pemphani kuti akupatseni lamulolo lolembedwa, muone ngati likukhudza aliyense mofanana kuphatikizapo mabwana, kenako inu ndi anzanu mukapemphe mwaulemu kuti pakhale nambala ya foni ya pa ofesi imene abale anu angaimbe, ndiponso kuti muziloledwa kutenga foni zanu nthawi ya chakudya chamasana.