Bambo akufuna kuika nyumba chikole kuti agule minibasi

Funso: Amuna anga akufuna kutenga title deed ya nyumba yathu akaike chikole ku banki, atenge loni yogulira minibasi. Pa pepalapo pali dzina lawo lokha koma tinamanga limodzi, malata onse ndinagula ine ndi ndalama za kaunjika. Kodi zitavuta banki ingatitulutse ana ali momo?

Yankho: Mayi, ingakutulutseni ndithu, ndisakunamizeni. Mwina munamvapo kuti ku America zigawo ngati Texas ndi Florida zili ndi lamulo loteteza nyumba ya banja kwa anthu angongole, zoona, koma ngakhale kumeneko ukaisainira wekha nyumbayo kuti ikhale chikole lamulolo silikuombola. Kwathu kuno pansi pa Registered Land Act, mukaphonya kubweza banki imakulemberani notisi, ndipo pakatha miyezi itatu musanakonze ili ndi mphamvu yogulitsa. Nyumba zija mumaziona mu nyuzi zili pa sale zija, zambiri nkhani yake ndi yomweyi.

Ndiye taganizani, minibasi ndi chinthu choti lero ili pa msewu mawa injini yagwa, dalaivala wabwera ndi theka la target, mafuta asowa yagona pa filling station, pomwe chiongoladzanja sichidziwa zoti galimoto ili pa garaja, chimangowerenga mwezi ndi mwezi. Masipeya nawo ndi ochokera kunja, munaona mmene mitengo inalumphira kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023.

Zoti dzina lanu palibe zisakufooketseni. Sungani malisiti a malata ndi simenti ngati alipo, pitani ku Legal Aid Bureau kapena kwa loya mukafunse zoika caution ku Lands Registry, chimenechi ndi chizindikiro choti inunso muli ndi gawo pa nyumbapo ndipo munthu sangangoipinyolitsa mwakachetechete. Koma musanafike uko khalani nawo pansi bambowo, zikakanika itanani ankhoswe.

Ngati mtima wawo uli pa minibasi basi, akafunse loni yoti chikole chikhale galimoto yomweyo, kapena ayambe ndi SACCO, zikavuta mutaye galimoto osati pogona. Ndipo chonde pepala limenelo lisakafike kwa a katapila, amenewo ena amakusainitsa kalata yoti wagulitsa nyumba pomwe iwe ukuti wangobwereka. Khoti litha kuunikanso chiongoladzanja chonyanya kudzera mu Loans Recovery Act, koma pofika tsiku la mlandu mumakhala mutasamukira kale kwa achibale.