Yankho kwa achimwene a ku Luchenza pa zopenta boti la faiba

Achimwene, mwafunsa ngati boti lanu la faiba la mamita 5, lomwe lakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri mpaka mtundu wake kufwifwa, mungalipente nokha ndi penti ya gloss yopakira zitseko ija, poti m'thumba mwachepa ndipo apanelobita akutchula mtengo wokwera. Kulipenta nokha mungathe ndithu. Langa ndinalipenta ndekha pabwalo kuno ku Mulanje, kawiri konse, chifukwa koyamba ndinalakwitsa. Koma ndikupempheni, chitini cha penti chikhale chomalizira kugula.

Musanawononge ngakhale tambala, pitani kumbuyo kwa botilo, pathabwa pomangirira injini. Maboti akale ambiri m'kati mwa thabwa limeneli muli pulaiwudi yokutidwa ndi faiba, ndipo madzi akalowa kudzera m'mabowo a mabawuti, matabwawo amawola mwakachetechete kunja kukuoneka bwinobwino. Gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva malo onse. Pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, powola pamalira kuti phu phu ngati dzungu lofumbwa. Ngati injini ilipo, itukuleni mwendo n'kuitsamira ndi thupi lanu. Thabwa likamawerama kapena pamabawuti pakamatuluka madzi abulauni, imani kaye. Yendaninso pansi m'kati mwa boti opanda nsapato, mumve ngati pali pofewa. Kuno kwathu mvula ndi yambiri, ndipo boti lokhala pamtetete lodzaza masamba limasunga madzi miyezi. Ndalama zochepa zomwe muli nazozo ziyambe zapita pamenepo, chifukwa pa Shire kapena kunyanja ku Mangochi moyo wa anthu udzadalira thabwa limenelo.

Thabwa likakhala lolimba, yesani kachinthu aka. Khungu lakunja la boti la faiba si penti, ndi gelcoat, yomwe anaithira m'chikombole tsiku lomwe botilo linapangidwa. Dzuwa likaiwotcha zaka zambiri imatulutsa ufa. Mukasisita ndi chikhatho, dzanja limayera ngati mwagwira choko. Sankhani kamalo kakang'ono ngati chikhatho, kwechani ndi sandipepa yamadzi ya 800, kenako 1200, kenako pukutani ndi rubbing compound, phala lonyezimiritsira magalimoto. Mtundu ukabwerera n'kunyezimira, ndiye kuti botilo silikufuna penti, likungofuna mkono. Ambiri sadziwa zimenezi, amakwirira gelcoat yabwino ndi penti yofooka. Koma ngati ulusi wa faiba wayamba kuonekera, kapena pali zigamba zambiri za mitundu yosiyana, pamenepo pentani.

Muonenso ngati munthu wina analipentapo kale. Nyowetsani kansanza ndi thinala, kaikeni pakhungu la boti mphindi zingapo. Pakafewa kapena kuchita makwinya, imeneyo ndi penti wamba, ndipo mukapaka ya 2K (penti yolimba yosakaniza ndi mankhwala oumitsa otchedwa hardener) pamwamba pake idzatukuka yonse. Iyenera kuchoka kaye.

Tsopano kutsuka. Chotsani chilichonse chomasulika: zitsulo, magetsi, mphira wa m'mphepete, zomata. Ngati boti lili ndi nambala, ijambuleni pafoni musanaifufute. Tsukani ndi sopo wa ufa ndi burashi, ndere zonse ndi utomoni wa mango zichoke. Likauma, pukutani ndi acetone kapena mankhwala ochotsera wax omwe ogulitsa penti ya magalimoto ku Limbe amakhala nawo. Gwiritsani nsanza ziwiri, ina yonyowetsa ina youmitsa, ndipo muzisintha pafupipafupi. Chitani izi musanakhudze sandipepa. Mukayamba n'kukwecha, polishi ndi mafuta akale mumawalowetsa m'mizere ya sandipepayo, ndipo tsiku lopenta penti imathawa malo amenewo n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba.

Ming'alu ing'onoing'ono yonga ukonde wa kangaude penti siibisa, imatulukiranso pakapita miyezi. Ikumbeni pang'ono ndi nsonga ya chitsulo chakuthwa kuti itseguke, kenako muike filler, phala lotsekera maenje. Apa ndiye pamene anthu amanamizana kwambiri. Filler ya magalimoto, ya apanelobita ija, imamwa madzi. Kumtunda kosafika madzi mungaigwiritse pa timaenje tating'ono, bola ikwiriridwe bwino ndi primer, penti yoyamba yapansi. Kumunsi kwa mzere wa madzi musayerekeze. Kumeneko ndi kwa epoxy basi, guluu wolimba wosalowa madzi. Pamene pabooka kapena pathyoka penipeni, palani mozungulira kuti potseguka pakhale potsetsereka, muike nsalu ya faiba ndi resin (guluu wamadzimadzi woilimbitsa), magawo angapo. Dziwaninso kuti epoxy imagwira bwino pa faiba yakale, pomwe resin ya polyester siigwira bwino pamwamba pa epoxy, ndiye musazisinthanitse. Mukagwiritsa ya polyester, hardener yake ndi timadontho chabe, gawo limodzi kapena awiri pa 100, ndipo kadontho kake kakagwera m'diso kangathe kuchititsa khungu. Valani magalasi.

Mukapeza matuza pansi pa boti, abooleni nkhope ili kumbali. Mumatuluka madzi onunkha ngati viniga. Tsukani ndi madzi oyera kangapo, musiye aume masabata angapo musanatseke. Mukatseka muli chinyezi, chaka chamawa matuza abweranso pomwepo.

Kukwecha ndiye ntchito yeniyeni, masiku ambiri amathera pamenepa. Pa zigamba yambani ndi sandipepa ya 80, boti lonse 120 kapena 180, mpaka pasatsale ponyezimira ngakhale pamodzi. Kulungani sandipepa pakathabwa, musamakweche ndi zala chifukwa zala zimasiya migula yomwe idzaonekera penti ikawala. Gulayinda isiyeni patali, imadya gelcoat m'kuphethira kwa diso. Valani malaya a manja aatali ndi chotseka pamphuno. Fumbi la faiba limayabwa ngati chitedze; mukamaliza sambani madzi ozizira, ndipo ana asamasewere pamalopo.

Za penti ya zitseko munafunsa ija. Kugwira imagwira, ndipo ngati mwakwecha bwino n'kuika primer, boti limaoneka bwino chaka choyamba. Vuto lake n'lofewa. Chingwe chimaikala, petulo ikatayikira imaiwononga, dzuwa la ku Chikwawa limaifwifwitsa msanga. Ndipo tsiku lomwe mudzafune kuika penti yolimba, mudzayenera kuichotsa yonse. Ine ndikanakhala inu, ndikanadikira mwezi wina kuti ndalama zikwane, n'kugula primer ya epoxy ndi penti ya 2K ya magalimoto. Penti yeniyeni ya maboti ndiyo yoposa, koma ndi yodula komanso yosowa; ya 2K imapezeka ku Limbe ndi ku Blantyre ndipo kumtunda kwa boti imapirira. Mitengo ikusintha sabata ndi sabata, ndiye ndikupatsani malita. Lita imodzi pa rola imakwana pafupifupi masikweya mita 10 ulendo umodzi, ndipo mbali ziwiri zakunja za boti la mamita 5 n'zapafupifupi pomwepo. Werengerani malita awiri a primer ndi atatu a penti, kuphatikiza hardener ndi thinala wake wa mtundu womwewo. M'kati ndi pamwamba muwerengere padera. Sankhani yoyera kapena yowala. Yakuda ndi yabuluu wakuda imaonetsa chilema chilichonse ndipo imatentha moti simungatsamire.

Pomwe mungapulumutse ndalama zambiri ndi pansi. Ngati boti limakhala pa thirela n'kumalowa m'madzi tsiku limodzi kapena awiri, pansi musapente n'komwe. Konzani zilonda ndi epoxy, pukutani, basi. Ya 2K siipangidwira kukhala m'madzi masiku ambiri, imachita matuza. Ngati lizikhala m'madzi miyezi, pansipo pakufunika magawo angapo a epoxy, nkhani ina imeneyo.

Kompuresa musabwereke. Penti ya 2K ili ndi mankhwala otchedwa isocyanate, ndipo mukaipopera imasanduka nkhungu yolowa m'mapapo n'kuyambitsa mphumu yosatha. Kachotsekera kapepala kapamphuno sikaletsa. Gwiritsani rola ndi burashi, panja pa mpweya, mutavala magolovesi ndi chotseka chokhala ndi zosefera. Mukufunika anthu awiri. Wina apake ndi rola yaing'ono ya siponji kagawo kosapitirira theka la mita, mnzake abwere pambuyo pomwepo ndi burashi yofewa, kungosisita ndi nsonga kamodzi kuti thovu liphwe. Osabwerera mmbuyo. Mukaona pachucha, pasiyeni, mudzapakwecha mawa. Rola muyambe mwaiviika mu thinala, chifukwa zotchipa zina zimasungunuka n'kusiya tizidutswa pa boti. Sakanizani pang'onopang'ono motsatira muyezo wolembedwa pachitini, mupemphe thinala wouma mochedwa, ndipo pakani mopyapyala maulendo atatu, mukukwecha pang'ono ndi 320 pakati pake. Primer nayo ikwechedwe ndi 240 kapena 320 isanalandire penti. Popondapo m'kati, wazani mchenga wosefa wouma bwino penti ili yaiwisi, mawa lake sesani wotsala n'kupakanso, kuti anthu asamaterereke.

Ndasiyira dala kumapeto chomwe chinandipweteka ine. Ulendo woyamba ndinapenta mu Julayi. Tsikulo kunacha bwino, phiri likuoneka lonse mpaka pamwamba, ndipo ndinamaliza cha m'ma 3 koloko masana, boti likuwala moti mwana wanga ankadziyang'anira pamenepo. Pofika madzulo kamphepo kozizira kanayamba, phiri linasowa, chiperoni n'kutsika. Ndinali nditafunditsa lona pamwamba, koma nkhungu siigwa ngati mvula, imalowa paliponse. M'mawa ndinapeza boti lonse lachita mbuu ngati lathiridwa mkaka, kuligwira ngati khoma la layimu. Malita onse aja anapita, ndipo ndinayambanso kukwecha. Penti ya 2K ndi epoxy zimadana ndi chinyezi pamene zikuuma. Anzathu a ku Salima kapena ku Mangochi sangakuchenjezeni zimenezi, koma ife a ku Thyolo ndi Mulanje kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyengo imatembenuka tsiku lomwelo.

Miyezi yozizirayi igwiritseni kutsuka, kukwecha, kukonza zilonda ndi kuumitsa boti pansi pa denga, pulagi yakumbuyo yotulutsira madzi ili yotsegula, mphuno ya boti itatukulidwa. Kupenta kudikire Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe komanso ngumbi zisanatuluke. Yambani mame atauma, cha m'ma 8 koloko, mumalize isanakwane 11, pamthunzi koma osati pansi pa mango paja. Boti likatentha ndi dzuwa penti imauma pa burashi. Wazani madzi pansi pozungulira kuti fumbi ligone, ndipo ngati pafupi akutentha tchire, phulusa likuuluka, tsikulo lisiyeni. Tepi yomata malo osafuna penti ichotseni penti isanaumitsitse. Mukamaliza ulendo wachitatu, lisiyeni sabata yathunthu musanabwezere zitsulo kapena kulimanga ndi zingwe pa thirela, ndipo pobwezera mabawuti muike sealant yotseka madzi m'bowo lililonse, makamaka a injini.

Tumizani zithunzi ziwiri, china cha thabwa lakumbuyo pafupi ndi mabawuti, china cha pansi, komanso mundiuze zomwe kansanza ka thinala kachita. Ndikaziona ndikuuzani ngati mukufunika penti kapena compound yokha. Ndikadutsa ku Luchenza popita ku Limbe ndingathenso kupatuka kudzagogoda nanu.