Kodi magazi oundana angawachotsenso kachiwiri?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Amuna awo mtima umagunda mosalongosoka, ndipo atadwala sitiroko anawachotsa magazi oundana mu ubongo ku Johannesburg. Akufunsa ngati angawachotsenso ikabwerera.

Amayi, mwandikumbutsa malemu bambo anga.

Iwonso anali ndi vuto lomweli, madokotala amati atrial fibrillation. Ukawagwira pamkono, mtsempha unkagunda ngati ng'oma ya mwana wongophunzira kumene, apa kuthamanga, apa kudukiza. Mtima ukamatero magazi amadikha m'kathumba kakang'ono ka kumanzere kwa mtima n'kuundana, kenako kachidutswa kamachoka kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Chiopsezo cha sitiroko chimakwera pafupifupi kasanu.

Anawapatsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Anamwa miyezi ingapo, basi n'kusiya. Ati akupeza bwino, komanso kukwera minibasi kuchoka ku Kawale kukayezetsa INR (muyeso wa mmene magazi akuchedwera kuundana) kunkawatopetsa. Ine ndinkadziwa, koma ndinangoti awa ndi akuluakulu, ndingawauze chiyani. Tsiku lina m'mawa kapu ya tiyi inangowapulumuka m'manja, kamwa n'kupotoka. Mapilisi tinakawapeza m'thumba la jekete ya kutchalitchi, pepala lake losang'amba n'komwe.

N'chifukwa chake magazi anga amawira ndikamva achibale akulangiza wodwala kuti "ingomwani aspirin" kapena zitsamba za pa WhatsApp. Pa mtima wotere aspirin sakwanira, ndipo sindikusintha mawu. Palinso ena amene amaletsa womwa warfarin kudya nkhwani ndi chisoso. Ayi, adye, kungoti muyeso wake usamasinthesinthe, osati sabata ino mbale yodzaza, sabata yamawa osalawa.

Tsono funso lanu

Inde, amachotsanso, ngati mtsempha wotsekekawo uli waukulu ndipo sikani yaonetsa kuti ubongo sunawonongeke kwambiri. Amalowetsa kachubu mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka kumutu n'kukoka magaziwo. Njirayi inakhazikika kuyambira 2015, koma imafuna maola 6 oyambirira, kwa ena mpaka 24. Muwerengere nokha za tikiti ya ndege yopita ku Johannesburg, pasipoti ndi ndalama m'maola amenewo.

Pitani nawo kwa dokotala sabata ino. Funsani ngati mankhwala akugwira: pa warfarin, INR nthawi zambiri iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ndipo mapilisiwo muziwerenga nokha madzulo aliwonse, ngakhale bambowo akalipe.