Nyanja tili nayo pakhomo, nanga madzi tisamaliranji?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mpondasi, ku Mangochi, ndipo ndimakazinga mandasi. Pa msonkhano wa m'dera lathu, khansala anatiuza kuti tizisamala madzi ndi magetsi. Ine ndinadabwa. Shire akudutsa pafupi pompano, ndipo mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba za anthu. Madzi oti tisamalewo ndi ati? Si nkhani ya a ku Lilongwe imeneyi?

Yankho: Amayi, funso lanu ndalikonda chifukwa nanenso ndinakulira kuno, ndikusamba mu Shire, ndipo ndinkaganiza chimodzimodzi. Koma madzi a mumtsinje ndi madzi a pampopi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuti madzi afike pampopi panu, a Southern Region Water Board amawapopa ndi makina oyendera magetsi, kuwasefa, kuthiramo mankhwala, kenako kuwakweza m'mathanki kuti atsike ndi mphamvu mpaka kunyumba. Ndebe iliyonse yadya magetsi ndi mankhwala, ndipo zimenezo ndi zomwe mumalipira pa bilu. Kusiyana kwa madzi awiriwa tinakuona ndi misozi pa kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inavuta kwambiri kuno ku Mangochi. Amene tinapita kumaliro masiku amenewo sitingaiwale kuti nyanja yodzaza siyitanthauza madzi akumwa.

Tsono tsiku lina mukaime pa mlatho wa Bakili Muluzi, muwayang'ane madzi akudutsa pansipo. Amenewo akupita ku Malombe, akafika ku Liwonde pomwe pali Kamuzu Barrage yoyang'anira kuchuluka kwa madzi otsika, kenako akazungulitse makina a EGENCO, kampani yopanga magetsi, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera kumeneko. Ndiye kuti madzi athu amapanga magetsi, magetsiwo n'kubwerera kudzapopa madzi athu. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mukukumbukira mmene magetsi ankathimirathimira. Ndipo musaione kudzaza leroli: kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti inaleka kuthira madzi mu Shire. Zinachitika pa malo omwe ano tikukhalawa.

Nanga inu mungachite chiyani? Yambani ndi mita. Usiku mutseke mipopi yonse, mulembe manambala ali pamita, m'mawa muyang'anenso musanatunge. Ngati asintha, penapake pakudontha. Ine ndinatero bilu itandikwerera miyezi itatu yotsatizana, ndipo ndinapeza kuti kalabala ka m'thanki ya kuchimbudzi kanatha, madzi amangoyenda mwakachetechete usana ndi usiku. Kukonza kwake kunali kotchipa kuposa nsomba ya ndiwo za tsiku limodzi. Kudontha kwa mbali ya kunyumba, kupyola mita, ndi kwanu. Paipi ikaphulika kumsewu, kaneneni ku ofesi ya Board tsiku lomwelo, musadikire kuti wina anena. Madzi otsukuluzira zovala musataye, akolopereni m'nyumba kapena thirirani nthochi kuseri.

Pa magetsi, babu lakale la mawati 60 likayaka maola asanu tsiku lililonse limadya mayunitsi 9 pamwezi. Babu la LED la mawati 9, lowala pafupifupi mofanana, silikwana yuniti imodzi ndi theka. Werengani mababu a m'nyumba mwanu muone nokha.

Koma kwa inu okazinga mandasi, nkhani yaikulu ndi moto. Mafuwa atatu amataya kutentha mbali zonse, makamaka mphepo ya mwera ikamaomba. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, imasunga moto pansi pa chiwaya ndipo nkhuni zimachedwa kutha. Izi zikukhudzanso madzi omwewo. Matumba a makala otsika ndi msewu wa Namwera aja ndi mitengo ya m'mapiri, ndipo phiri likayera, mvula imakokolola dothi kulowa nalo mumtsinje. Matopewo amakwirira Malombe, komwe chambo chinasowa kale, ndipo amakavutitsanso makina a magetsi kumunsi.

Khansala wanu sananame, koma naye ali ndi mbali yake. Khonsolo siyigulitsa madzi kapena magetsi. Ntchito yake ndi misika, zinyalala, ngalande ndi misewu ya m'tauni. Pa msonkhano wotsatira mukamufunse mwaulemu kuti mipopi ndi zimbudzi za pamsika amaziyang'anira ndani zikadontha, ngalande zidzayeretsedwa liti mvula isanagwe, ndiponso ndi misewu iti yomwe ili pa ndondomeko yoika magetsi oyendera dzuwa. Mupite ndi amayi anzanu a pamsika, mayankhowo muwamvere limodzi.

Funso: Ndine mnyamata wa kabaza, ndimapalasa njinga pakati pa msika ndi chipatala. Anzanga ambiri agula njinga zamoto ndipo amandiseka kuti ndatsalira. Kodi ndigulitse yangayi?

Yankho: Achimwene, musafulumire. Njinga yamoto imafika kutali, ku Makawa kapena ku Koche, ndipo kumeneko simungapikisane nayo. Koma imafuna petulo tsiku lililonse, laisensi, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri, ndipo mafuta akasowa imaima pamzere pomwe inu mukunyamula anthu. Tauni yathuyi ndi yachidikha, maulendo ake ambiri ndi aafupi, ndiye njinga yakapalasa ili pamalo pake. Mizinda ngati Amsterdam ndi Copenhagen inaononga ndalama zambiri kumanga njira zoti anthu azipalasa, ife chizolowezicho tili nacho kale. Chosowa ndi chitetezo. Kudzera m'bungwe lanu la akabaza, pemphani khonsolo malo oimikapo odziwika okhala ndi mthunzi, komanso kuti m'mbali mwa msewu musamadzaze mchenga, chifukwa mchengawo ndi womwe umakukankhirani pakati pa magalimoto. Inunso ikani nyale ndi zonyezimira kumbuyo, mabuleki akhale ogwira. Lembani m'kabuku zomwe mwapeza ndi zomwe mwaononga kwa mwezi wathunthu, mnzanu wa njinga yamoto achitenso chomwecho, kenako mudzandilembere zomwe mwapeza.