Masiku atatu aja tiwawerenge monga ankawerengera Ayuda

Achimwene, mwafunsa kuti ngati Yesu anafa Lachisanu n'kuuka Lamulungu, masiku atatu usana ndi usiku a pa Mateyu 12:40 akukwana bwanji. Funso lomweli linatichedwetsa ifenso kuno ku Santhe titatuluka m'tchalitchi, mkulu wina atatsegula Baibulo lake lothaitha pansi pa mtengo wa mango, akuumirira kuti Yesu anafa Lachitatu.

Ine ndimaima pa Lachisanu. Kwa Ayuda tsiku linkayamba dzuwa likalowa, ndipo kachigawo ka tsiku ankakawerenga ngati tsiku lathunthu. Taonani Estere 4:16: Estere akulamula kusala kudya masiku atatu, usiku ndi usana, koma pa 5:1 akulowa kwa mfumu tsiku lachitatu lomwelo. Nafenso timatero. Mlendo akafika Lachisanu madzulo n'kukwera minibasi Lamulungu m'mawa, timati wakhala masiku atatu, palibe amawerenga maola 72.

Onena za Lachitatu amagwira Yohane 19:31, pomwe Sabata lotsatira imfa ya Yesu likutchedwa lalikulu, n'kumati silinali Sabata la Loweruka, ndipo sindiwanyoza. Koma Marko 15:42 akuti linali tsiku lokonzekera Sabata, lomwe ndi Lachisanu. Chimene chimanditsimikizira kwambiri ndi Luka 24:21. Lamulungu, panjira ya ku Emau, ophunzira awiri aja akuti limeneli ndi tsiku lachitatu chichitikireni zimenezi. Akanapachikidwa Lachitatu, likanakhala lachisanu.