Kulipira inshuwalansi ya zachipatala pomwe ku Gulupu n'kwaulere

Achimwene, mwafunsa ngati pali phindu kulipira inshuwalansi ya zachipatala mwezi ndi mwezi pomwe zipatala za boma sizilipiritsa, komanso chifukwa chake anthu ambiri salowa m'masikimu a inshuwalansiyi.

Munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe ali kale ndi pogwira. Malungo akamugwira, LA amalandira osatulutsa ndi tambala yomwe. Ma ARV, mankhwala a TB, katemera wa ana, sikelo ndi kubereka, zonsezi n'zaulere, ndipo matenda akakula amamulembera kalata yopita ku Queens, ku Gulupu kuja. Mwana wopunduka mafupa amamuchita opaleshoni ku Beit CURE makolo osalipira. Zipatala za mishoni za CHAM, monga Mlambe ku Lunzu, zimalipiritsa, koma zambiri mwa izo zili pamgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere. Ndiye mnyamata wathanzi wazaka 25 akawerengera, amaona kuti ndalama ya sikimuyo bola agule thumba la chimanga. N'chifukwa chake ambiri omwe ali pa sikimu ya MASM (Medical Aid Society of Malawi) ndi masikimu ena ndi apantchito omwe abwana awo amawalipirirako.

Vuto limayambira pomwepo. Athanzi akakhala panja, olowa mwa kufuna kwawo amachuluka ndi omwe akudziwa kale kuti ali ndi shuga, BP kapena pathupi. Sikimu imatulutsa ndalama zambiri kuposa zomwe ikutolera, imakweza mtengo, ndipo athanzi ochepa omwe analimo nawonso amatuluka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zidanyanya, poti mankhwala ndi zipangizo zambiri timagula kunja. Makampani amadziteteza ndi malamulo omwe anthu sawerenga posayina: miyezi yodikira musanayambe kuthandizidwa, makamaka pa uchembere ndi matenda omwe mudalowa nawo kale, malire a ndalama pachaka, komanso shortfall, ija mumaonjezera nokha bilu ikaposa mlingo wa sikimu.

Kunena zoona, chomwe mumagula ndi khadi la sikimu ndi nthawi ndi mankhwala. Madokotala akadaulo ambiri omwe mungawapeze kuchipatala cholipira ndi omwewo ogwira ntchito ku Queens. Kusiyana kwake n'kwakuti kwaulere mzere umayamba kusanache, opaleshoni yosafulumira mutha kudikira miyezi, ndipo mankhwala akatha amakulemberani m'kabuku kuti mukagule kufamase. Wodwala shuga kapena BP, woti amwe mankhwala tsiku lililonse, ndi amene zimamupweteka kwambiri. Wogulitsa mumsika wa Limbe naye tsiku lathunthu pabenchi ndi phindu lotayika.

Ngati kuntchito akukulipirirani theka, lowani osachedwa, mudakali bwino, kuti miyezi yodikira ithe musanadwale. Ngati mudzilipira nokha, afunseni a sikimuyo akulembereni papepala zinthu izi: malire a ndalama zogonera m'chipatala pachaka, ngati zipatala zolipira monga Mwaiwathu kapena Blantyre Adventist zikulandira khadi la mlingo womwe mukufunawo, mankhwala a matenda okhalitsa amalipira mpaka pati, ndiponso ngati kutumizidwa ku India kapena ku South Africa kulimo. Mlingo wotsikitsitsa nthawi zambiri sufika kumeneko. Mufunsenso chimachitika n'chiyani mukadumphitsa mwezi, chifukwa kwina khadi amalitseka ndipo mumadzazindikira muli kale pa kauntala ndi mwana wotentha thupi.